Pakati pa digiri ya psychology ndi mpando wa phungu

Ntchito yoyamba imene anatipatsa titayamba masters ya uphungu wa za maganizo (counselling) inalibe buku loti tiwerenge. Anatigawa awiriawiri, nkutiuza kuti mmodzi afotokoze kanthu kenikeni kamene kakumusowetsa mtendere, winayo amvetsere kwa mphindi khumi, foni ili patebulo ikujambula mawu. Womvetserayo ankayenera kukalemba zonse monga momwe zinayankhulidwira, osasiya ngakhale "eya" kapena "mmm", ndiponso kusonyeza pamene panali zii. Pambali pa mawu ake alionse ankayenera kulemba zinthu ziwiri: chimene ankafuna kukwaniritsa ponena zimenezo, ndi chimene ankamva m'thupi mwake pa nthawiyo.

Mapepala aja atawerengedwa m'kalasi, munthu ukanatha kulosera kumene aliyense anachokera popanda kumufunsa. Amene anali aphunzitsi ankafulumira kulangiza. Amene anali anamwino ankafunsa mafunso ofuna yankho la inde kapena ayi, limodzi pambuyo pa linzake, ngati akudzaza fomu. Abusa awiri amene tinali nawo ankathamangira kutonthoza mnzawo asanamalize n'komwe kudandaula. Ife ochokera ku psychology tinali ndi chathu: mnzathu akangofika pakati pa nkhani, tayamba kale kumufotokozera chimene chikumuchitikira ndiponso dzina lake m'mabuku. Wotiphunzitsa sanadzudzule aliyense. Anangofunsa mnyamata wina kuti, "Pamene mnzakoyu anati bambo ake sanamuimbire foni chichokereni kwawo, iwe n'kuyankha za chiphunzitso cha Bowlby cha ubale wa mwana ndi makolo ake, unkathandiza ndani?" Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, kenako anati ankathawa chisoni chimene chinali m'chipindamo.

Ndikulemba izi chifukwa cha ang'ono anga amene ali m'chaka chachinayi cha psychology, kapena angolandira kumene digiri, ndipo mtima wawo uli pa uphungu. Ambiri amaganiza kuti masters ndi digiri yomwe ija koma mabuku ochulukirapo. Ayi ndithu. Digiri yoyamba imakuphunzitsa kudziwa za anthu. Maphunziro a uphungu amakuika iweyo pamaso pa anzako ndi aphunzitsi, n'kumayang'ana mmene umakhalira ndi munthu mmodzi amene zamuthina. Chimene chimayesedwa ndi iwe mwini: khutu lako, lilime lako, mantha ako, ndi zimene umachita ukasowa chonena. Aliyense wofuna kuwoloka ayenera kudziwiratu zimenezi, chifukwa ndi zomwe zidzamuuze sukulu yoyenera kupitako ndi yoyenera kuilambalala.

Ndisanapite patali, digiri yoyambayo ndiyikire kumbuyo. Ine ndinaiphunzira ku Zomba, pa Chanco, ndipo sindinong'oneza bondo. Tinayamba ndi Wilhelm Wundt amene anatsegula labotale yake ku Leipzig mu 1879, tinadutsa kwa Pavlov ndi agalu ake, kwa Skinner, Piaget, Erikson, Freud ndi Maslow. Ambiri mwa ife tinkakonda phunziro la matenda a maganizo, n'kumadana ndi masamu a kafukufuku ndi pulogalamu ya pakompyuta yowerengera masamuwo ya SPSS. Lero ndikuona kuti chimene ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndi chimene tinkachidacho. Munthu akabwera ndi njira yatsopano ya chithandizo imene akuti imachiritsa chilichonse m'masiku atatu, ndimadziwa kufunsa kuti anaiyesa pa anthu angati, anaifanizira ndi chiyani, ndipo anawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji. Anzanga amene analowa mu uphungu kudzera njira zina nthawi zambiri amavutika pamenepa. Phunziro la kakulidwe ka mwana limandithandizanso tsiku ndi tsiku: mwana wa zaka zinayi amene mayi ake amwalira akamafunsa kuti abwera liti, ndimatha kuwafotokozera agogo ake kuti pa msinkhu umenewu mwana sanamvetse kuti imfa sibwezeka, ndiye asamukalipire kapena kumunamiza kuti apita ku Joni.

Koma pali malire. Kuloweza buku la malamulo a pamsewu n'kofunika, koma sikufanana ndi kuyendetsa galimoto mu Limbe dzuwa likulowa, maminibasi, akabaza ndi oyenda pansi ali ponseponse. Digiri yoyamba siyikupatsa chilolezo chothandiza anthu ngati katswiri, ndipo ndimadandaula ndikaona anzathu ena atangomaliza n'kutsegula tsamba pa Facebook, kumaitana anthu ovutika maganizo kuti awathandize pa mtengo wakutiwakuti. Sindikayika kuti ambiri ali ndi mtima wabwino. Koma tsiku limene mtsikana adzawauze kuti amalume ake amamugwirira, kapena bambo adzanene kuti walemba kale kalata yotsanzika, mtima wabwino wokha sudzawauza chochita.

Kusintha kwenikweni kumayambira kwa Carl Rogers. Dzina lake tinalimva kale pa digiri yoyamba, tinkaliloweza polemba mayeso. Mu 1957 iye analemba kuti munthu amasintha pamene womuthandiza ali weniweni osavala nkhope yachinyengo, akumulandira monga alili popanda kumuweruza, ndiponso akuyesetsa kuona zinthu monga momwe mwini wakeyo akuzionera, ndipo wothandizidwayo akuzindikira kuti zimenezi zilipo. Pa mayeso mfundozi ndi mizere itatu. Pa mpando ndi ntchito ya moyo wonse. Yesani kulandira popanda kuweruza bambo amene wangokuuzani kuti anamenya mkazi wake usiku wathawu, kwinaku mukudziwa kuti chitetezo cha mayiyo ndicho choyamba, ndipo zimenezi muyenera kumuuza mosabisa. Mu 1979 Edward Bordin anafotokoza mgwirizano wa phungu ndi womuthandizayo kuti uli ndi mbali zitatu: kumvana pa cholinga, kumvana pa zochita, ndi kukhulupirirana. Kafukufuku wa zaka zambiri wakhala akusonyeza kuti mgwirizano umenewu ukakhala wolimba, zotsatira zimakhalanso zabwino, kaya phunguyo akutsata njira ya Rogers, ya Aaron Beck yokonza kaganizidwe ndi zochita, kapena ina. N'chifukwa chake sukulu yabwino imathera nthawi yochuluka kukumvetsera iweyo kusiyana ndi kukupatsa zolemba.

Chinthu chachiwiri chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti nawenso umakhala pa mpando wa wothandizidwa. Ine ndinakaphunzira pa yunivesite ina ku Nairobi, ndipo aliyense ankayenera kukaonana ndi phungu wake kwa maola oikika asanaloledwe kuona anthu. Ena m'kalasi anang'ung'udza, amati ife sitikudwala. Koma taganizani: ambiri timasankha psychology chifukwa pali china chake chimene tinaona kwathu. Wina anakula ndi bambo chidakwa, wina analeredwa ndi agogo makolo atatha ndi matenda m'zaka za m'ma 1990, wina ali ndi mchimwene wake amene anagonekedwapo ku Zomba Mental Hospital ndipo pabanja sankatchula n'komwe. Zimenezi si cholepheretsa. Kawirikawiri ndi zimene zimatipatsa chifundo. Koma ngati sunazikhalire pansi, udzapeza kuti ukukwiyira bambo wina aliyense woledzera amene walowa m'chipinda chako, kapena ukufunitsitsa kupulumutsa mwana wamasiye aliyense mpaka kumulipirira fizi. Pamenepo wothandizidwayo wayamba kusenza katundu wako. Kukhala mbali inayo kumakuphunzitsanso kulemera kwa kuuza mlendo chinsinsi chako, ndipo ukatero sungadabwe munthu akamazungulirazungulira milungu itatu asanafike pa chimene chamubweretsa.

Chachitatu ndi wokuyang'anira, amene timangomutchula kuti supervisor. Uyu ndi phungu wokhwima amene umakumana naye nthawi ndi nthawi, n'kumuyalira ntchito yako: zimene munthu ananena, zimene iwe unayankha, pamene unasokonezeka. Ine sukulu inandilola kudzachita gawo lina la practicum, nthawi yoyeseza ntchito pa anthu enieni, kuno kumudzi, pa chipatala china chaching'ono mumzinda wa Blantyre, ndipo wondiyang'anira anali mayi wina wachikulire amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri. Apa mpamene ndinaona kuti ulendowu uli ndi mtsinje wachiwiri woti tiwoloke ife a kuno, umene mabuku sautchula.

Mabuku athu ambiri analembedwa ku America ndi ku Ulaya. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa dziko kuti anthu 96 mwa 100 alionse amene amayesedwa m'kafukufuku wofalitsidwa m'magazini akuluakulu a psychology ankachokera m'mayiko olemera a azungu, omwe ali ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a dziko lapansi. Zimenezi zimaonekera ngakhale m'tinthu ting'onoting'ono. Gerard Egan, amene njira yake yomvetsera imaphunzitsidwa m'sukulu zambiri, amalangiza kukhala moyang'anizana ndi munthu ndi kumuyang'ana m'maso. Kwathu kuno mtsikana wa zaka 25 akamayang'anitsitsa bambo wa zaka 60 m'maso, bamboyo aona mwano. Mtsikana wasukulu akamayang'ana pansi, n'kumatokosa chala, si kuti akubisa kanthu ayi, akupereka ulemu. Ndinaphunzira kuika mipando mopingasa pang'ono, kuti maso akhale ndi kothawira, ndi kusadula malonje. Munthu akafunsa za kunyumba ndi za mvula, nthawi imeneyo sinatayike. Akukuyeza ngati ndiwe munthu woti angakuuze zakukhosi.

Ndifotokozeko za mayi wina, ndipo ndasintha zina ndi zina kuti asadziwike. Anatumizidwa kwa ine ndi a kliniko ofesala atabwera kangapo akudandaula mutu, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo, koma BP ili bwinobwino, malungo mulibe. Analowa ndi alamu awo, mchemwali wa amuna awo, amene anakhala pampando wapafupi ndi khomo chikwama chili pamiyendo. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti, "Mwanangu, iwe uli pabanja?" Buku limati funso lotere ulibweze mwaulemu kwa wofunsayo. Ine ndinayankha zoona kuti ayi, sindili pabanja, ndipo kuti za banja lawo akudziwa ndi iwowo, ine ntchito yanga ndi kuwathandiza kuziyala bwino kuti tizione limodzi. Anagwedeza mutu. Mafunso onse oyamba ankayankha ndi alamu aja: kuti amaganiza kwambiri, kuti sakudya, kuti apita kale kumapemphero a kuphiri. Sindinawatulutse alamuwo pa tsiku loyamba, chifukwa ndi amene analipira minibasi ndipo ndi amene akanaganiza ngati mayiwo abwerenso kapena ayi. Ndinawathokoza, ndinawamvetsera, kenako ndinapempha kuti, "Anti, mungatilole pang'ono kuti ndicheze ndi amayiwa patokha? Tikatha ndikuitanani." Chitseko chitatsekedwa, mayi aja anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenako ananena za ngongole ya banki m'khonde imene anatenga kuti alipirire mwana sukulu, bizinesi ya kaunjika imene inagwa, ndi amayi anzawo amene ankabwera pakhomo kudzalanda ziwiya amuna awo asakudziwa.

Pamenepo panafunika funso limene digiri yoyamba sinandikonzekeretse kulitulutsa pakamwa. M'fomu ya PHQ-9 yoyezera kuvutika maganizo, imene inamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa m'zipatala za kuno monganso fomu ina ya SRQ-20 ya bungwe la WHO, funso lachisanu ndi chinayi limakhudza maganizo ofuna kufa. Kuliwerenga papepala n'kosavuta. Kulifunsa kwa mayi wa msinkhu wa mayi ako, m'chinenero chimene unayamwira, n'kwina. Wondiyang'anira anali atandiyeseza kulinena mokweza mobwerezabwereza mpaka mawu atasiya kunjenjemera: "Amayi, anthu ena zikawathina chonchi amafika poganiza zodzipha. Kodi inunso maganizo amenewa amakubwererani?" Ambiri amaopa kuti kufunsa chonchi n'kumupatsa munthu nzeru yoipa. Kafukufuku wasonyeza kuti sizili choncho, ndipo kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina watchula chimene iye ankachisunga yekha. Mayiwo anavomera. Tinakambirana ngati anakonza njira, zimene zili m'nyumba zoti zichotsedwe, munthu amene angamuimbire usiku, ndi zimene zimawagwira kuti akhalebe ndi moyo. Ndinali nditawauza kale pachiyambi kuti zimene tikambe ndi zachinsinsi kupatula ngati moyo wawo kapena wa wina uli pangozi, choncho sizinali zowadzidzimutsa nditapempha kuti tisankhe limodzi zoti tiwauze alamu aja. Za ngongole anati adzanena okha nthawi ikakwana. Za chitetezo chawo tinanena tsiku lomwelo, ndipo ndinawabwezanso kwa a kliniko ofesala kuti aone ngati pakufunika mankhwala.

Madzulo ake ndinakayala zonsezi kwa wondiyang'anira. Sanandiyamikire kapena kundidzudzula. Anandifunsa kuti ndinamva bwanji atanditchula kuti mwanangu, ndiponso ngati ndingathe kukhala mwana ndi phungu pa nthawi imodzi popanda kutaya chimodzi. Funso limenelo ndimalibwererabe. Anandifunsanso zimene ndikonze kuchita ngati mayiwo sabwera sabata yotsatira. Ndikaganiza kuti pali anzathu amene akukumana ndi nkhani zoterezi popanda munthu wowafunsa mafunso amenewa, ndimachita mantha, chifukwa cha iwo komanso chifukwa cha amene akuwathandiza.

Nkhani ya malangizo ndiyofunika kuikhalira pansi. Anthu athu sanayambe lero kuthandizana pa mavuto. Pali ankhoswe, anamkungwi, atsibweni, abusa ndi mashehe, mafumu. Onsewa amamva nkhani kenako n'kunena chochita, ndipo munthu akabwera kwa ife amayembekezera zomwezo. Ukangokhala n'kumabwereza mawu ake, adzatuluka akunena kuti adokotala aja sanandiuze chilichonse, ndipo sadzabweranso. Ena mwa anzanga amaona ngati yankho ndi kuwaphunzitsa anthu kuti uphungu weniweni sumalangiza. Ine sindigwirizana nazo kwathunthu. Munthu amene wasiya geni yake, walipira ulendo, ali ndi ufulu wotuluka ndi kanthu kogwirika. Chimene ndinaphunzira ndi kusiyanitsa kumuuza munthu chochita ndi kumuthandiza kupeza chochita: kutchula mavuto onse, kusankha limodzi loti tiyambe nalo, kuyala njira zimene iye akuziona, kusankha imodzi yoti akayese sabata ino, n'kudzaonanso limodzi mmene zayendera. Sindilimbananso ndi chikhulupiriro cha munthu. Akanena kuti anamulodza, ndimafuna kudziwa kuti akuganizira ndani ndipo pakati pawo panachitika chiyani, chifukwa nthawi zambiri m'menemo ndi mmene muli nkhani ya munda, chuma cha masiye kapena nsanje ya pachibale. Akanena kuti akupemphera, ndimafunsa mmene pemphero likumuthandizira. Pamene ndimaima nji ndi pamene wina wauzidwa kuti asiye mankhwala a khunyu, a misala kapena ma ARV.

Wina angafunse, ndipo ndi funso labwino: ngati njira yothetsera mavuto imeneyi ndi yosavuta chotero, masters ndi yachiyani? Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare mumzinda wa Harare, pophunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kuthandiza anthu pa mikumano isanu ndi umodzi. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, wokhudza anthu 573 m'zipatala 24, anapeza kuti amene anakhala pa benchiyo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno kwathu. Pulogalamu ya mhGAP imene WHO inakhazikitsa mu 2008 ili ndi ganizo lomwelo, loti anamwino ndi azaumoyo wamba aphunzitsidwe kuthandiza pa matenda a maganizo, poti akatswiri ndi ochepa. Ine ndimakhulupirira kuti tsogolo la ntchito yathu lili kumeneko, ndipo aliyense wopita ku masters n'cholinga chodzakhala mu ofesi yozizira kumaona mabwana okhaokha aganizenso. Koma agogo a pa benchi aja ali ndi owaphunzitsa, owayang'anira, ndi kotumiza nkhani zimene zawakulira. Munthu wa masters ndi ameneyo. Ukuphunzira kuti udzathe kunyamula nkhani zolemera, komanso kuti udzathe kuimirira kumbuyo kwa anthu makumi angapo amene akuthandiza anzawo m'midzi, m'sukulu, m'ndende ndi m'mipingo.

Tsopano za kusankha sukulu. Funso loyamba lisakhale la dzina la yunivesite. Funsani kuti mudzaona anthu enieni kwa maola angati, ndani adzakuyang'anireni, kangati, ndipo mukamaliza ndi bungwe liti limene lidzakuvomerezeni kugwira ntchito. Mayiko amene anakhazikitsa bwino ntchitoyi amawerenga maola. Ku America, mapulogalamu ovomerezedwa ndi CACREP, bungwe lopima maphunziro a uphungu, amafuna maola 100 a practicum ndi 600 a internship (kuyeseza ntchito kotalikirapo), ndipo mwa amenewa 40 ndi 240 akhale okumana ndi anthu maso ndi maso. Ukamaliza pamakhalanso maola ena ambiri oyang'aniridwa usanalandire laisensi, malinga ndi boma la dera limene uli. Ku Britain, maphunziro ozindikiridwa ndi BACP, bungwe la aphungu kumeneko, amafuna maola osachepera 100 oona anthu, ndipo kuti munthu avomerezedwe mokwanira amafunika maola 450 a ntchito yoyang'aniridwa. Ku South Africa zonse zimadutsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo: kuti ukhale registered counsellor pamafunika practicum ya maola 720, pamene kuti ukhale counselling psychologist umafunika honours, masters, chaka chathunthu cha internship ndi mayeso a bungwelo. Malo a masters kumeneko ndi ochepa kwambiri, amasankha pokufunsa mafunso maso ndi maso, ndipo digiri yochokera kunja imayamba yapimidwa ndi SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro. Ku Kenya kuli lamulo la 2014 loyendetsa ntchito ya aphungu ndi akatswiri a psychology. Manambalawa sindikuwatchula kuti muloweze, koma kuti mukhale ndi muyeso. Sukulu ikakuuzani kuti mudzamaliza masters ya uphungu yonse pa intaneti popanda kuona munthu ngakhale mmodzi pamaso pa wokuyang'anirani, mudziwe kuti mukugula pepala.

Pali msampha wina umene wakola anthu anzeru. Kunja kuli ma masters ambiri a chaka chimodzi okhala ndi mayina okoma, onena za thanzi la maganizo kapena psychology ya zakutizakuti. Ambiri mwa amenewa ndi abwino ndithu, koma ndi a kafukufuku ndi ndondomeko, saphunzitsa kuthandiza munthu. Ngati cholinga chanu ndi kafukufuku kapena kuyendetsa mapulogalamu, pitani. Ngati cholinga ndi mpando wa phungu, werengani bwinobwino musanasaine. Izi zikukhudzanso thandizo la ndalama. Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi ku Britain ndipo imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Palinso thandizo la Commonwealth. Onani ngati maphunziro amene thandizolo likulipira ndi amene mukuwafunadi. Amene mukudzilipirira nokha kunja, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndikudziwa anzanga amene anaima pakati pa maphunziro chifukwa fizi ya m'madola inakwera usiku umodzi.

Kuno kumudzi zinthu zikusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Dziko lathu linakhala zaka zoposa 70 likuyendera lamulo la matenda a misala la 1948, la nthawi ya atsamunda, ndipo kwa nthawi yaitali chithandizo chinkatanthauza kugonekedwa ku Zomba. A St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo sukulu yawo ya ku Mzuzu yakhala ikuphunzitsa anamwino, ma kliniko ofesala ndi aphungu a za maganizo. Ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kuli dipatimenti ya za matenda a maganizo, ndipo ambiri a ife tinayamba kumva kuti psychology ingayankhule za moyo wa Mmalawi kudzera mu zolemba za Pulofesa Chiwoza Bandawe m'nyuzipepala. Mayunivesite ena a boma ndi a mipingo akutsegulanso maphunziro a uphungu. Musanalembetse kulikonse, funsani ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, osati sukulu yokha, kenako pezani munthu amene anamaliza kumeneko mumufunse kuti practicum anachitira kuti ndipo ankamuyang'anira ndani. Kuphunzira kuno kuli ndi phindu limene kunja kulibe: umayeseza m'chinenero chimene udzagwirire ntchito, pa mavuto amene udzakumane nawo.

Langizo langa kwa amene angomaliza ndi lakuti musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chimodzi kapena ziwiri mukugwira ntchito pafupi ndi anthu zidzakuuzani ngati ntchitoyi ndi yanu, ndipo zidzakupatsani zonena pa tsiku la mafunso. Malo alipo: mabungwe oona za ana ndi achinyamata monga amene amayendetsa nambala ya foni yothandizira ana ya 116, ma Victim Support Unit a polisi, malo a Chikwanekwane othandizira ochitiridwa nkhanza m'zipatala, magulu a achinyamata amene ali pa ma ARV, sukulu za sekondale. Namondwe Freddy atakantha mu March 2023, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, achinyamata ambiri a psychology anathamangira kumisasa ya ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje. Amene anathandiza kwambiri si amene ankakakamiza anthu kufotokoza zimene anaona usiku wa matope uja. Ndi amene ankadziwa chithandizo choyamba cha maganizo: kuona amene akufunika thandizo mwachangu, kumvetsera amene akufuna kuyankhula, kulumikiza mayi ndi kumene kukugawidwa ufa kapena kumene kuli mndandanda wa ana osowa. Maphunziro amenewa ndi a masiku ochepa ndipo munthu wa digiri yoyamba angawachite bwino. Chofunika ndi kudziwa polekezera, ndi kukhala ndi wamkulu woti ukamufunse.

Za ntchito mukamaliza ndinene mosabisa. Mipata ya aphungu m'boma ndi yochepa poyerekeza ndi kufunika kwake, ndipo ambiri timadalira mabungwe amene ntchito zawo zimatha thandizo la kunja likatha. Ena amaphunzitsa, ena amalembedwa ndi makampani kuti azithandiza antchito awo, ena amatsegula zipinda zawo ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kumene amatha kulipira ndi ochepa. Makolo amene anagulitsa fodya kapena mbuzi kuti muphunzire adzafunsa kuti ndalama zili kuti, ndipo funso lawo ndi lomveka. Konzekerani kuphatikiza zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo luso la kafukufuku lija musalitaye, chifukwa nthawi zambiri ndi limene limabweretsa ntchito yolipira lendi.

Chimene chikusowa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi oyang'anira. Sukulu ikatha, palibe amene amakukakamiza kukayala ntchito yako kwa wina, ndipo aphungu okhwima ndi ochepa, otanganidwa. Ku Britain a BACP amafuna kuti phungu wovomerezeka azikumana ndi womuyang'anira kwa ola limodzi ndi theka mwezi uliwonse kwa nthawi yonse imene akugwira ntchito. Ife tinayamba kagulu ka anzathu ochepa amene timakumana mwezi ndi mwezi, wina akubweretsa nkhani imene yamuvuta atachotsa mayina ndi zonse zozindikiritsa, ena akumufunsa mafunso, ndipo tikasonkha kandalama timaitana wamkulu mmodzi kuti adzakhale nafe. Amene ali kutali, ku Karonga kapena ku Nsanje, amalowa pa WhatsApp netiweki ikalola. Ngati mukulowa masters chaka chino, yambani kufunafuna anthu oterewa panopa, mudakali m'kalasi, ndipo pemphani wokuyang'anirani pa practicum kuti akuuzeni mtengo wake woti apitirize nanu mukadzamaliza.